Woimba ng'oma wakale wa ku Kawale

Kutchalitchi cha Katolika ku Kawale kuli abambo ena amene amafika belu lisanalire n'kukhala pabenchi lakumbuyo. Kwaya ikafulumiza nyimbo, amang'ung'udza kuti, "Musathamange, Mulungu sakuchoka." Ankaimba ng'oma pa Misa kwa zaka makumi awiri. Kibodi itabwera mu 1996, Jemima, mtsogoleri wa kwaya, ndiye anawauza kuti apumule.

Mwezi watha amayi ake a Jemima anamwalira, atasiya mawu akuti pamaliro awo palire ng'oma. Jemima anapita kukawapempha abambowo, mutu uli pansi.

"Chikopa cha ng'omayo chinang'ambika kalekale, mwananga," anatero mofatsa. "Palibe anafunsa."

Pa Misa ya maliro panalira kibodi. Abambowo anaimirira pambali pa Jemima, akumugwirira buku la nyimbo.