Mchere wa Pakhomo pa Ba

Ndikukumbukira kakhonde kathu ka ku Croydon ngati ndachokako dzulo. Ine ndi amayi tinkakhala pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti, ndipo ukakwera masitepe unkafika pa kakhonde ka matailosi pomwe zitseko ziwiri zinkayang'anizana. Chakumanzere chinali chathu. Chakumanja chinali cha Amwenye: bambo Kiriti, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, akazi awo, mwana wawo Mira wa msinkhu wanga, ndi agogo ake a Mira amene aliyense ankawatchula kuti Ba. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo maso ndi mphuno yanga zinkakhala kuchitseko chakumanjako kuposa kwathu.

Chilichonse cha kumeneko chinkandichititsa chidwi. M'mamawa kunkamveka kabelu, kenako fungo la lubani linkalowera pansi pa chitseko chathu. Madzulo kunkamveka tinjere tikuthetheka m'mafuta, fungo lake n'kundiyetsemulitsa ndili pa homuweki. Nsapato zonse ankavulira panja, ndiye ine ndinkaziwerenga kuti ndidziwe ngati kwabwera alendo. Mira ndinkamutopetsa ndi mafunso. Chifukwa chiyani simudya nyama? Kadontho ka pachipumi ka amayi ako amagona nako? Amayi ankati pakamwa panga panalibe chitseko, ine n'kumawayankha kuti safunsa anadya phula.

Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti Ba sankadziwa Chingerezi koma ankayankhula Chichewa. Atangokwatiwa anakhala ku Limbe zaka khumi ndi ziwiri, amuna awo akugulitsa nsalu, asanabwerere ku India. Chichewa chawo chinali cha m'sitolo, chopanda inu ndi pang'ono pomwe. Ine akandiona ankati, "Iwe mwana, bwera, idya," n'kundipanikizira kachakudya kotsekemera m'manja. Koma amayinso Ba ankawatchula kuti iwe, ndipo zimenezi amayi sankazimeza. "Munthu wamkulu ngati ine, nesi wathunthu, azinditi iwe ngati ndabwera kudzagula chitenje?" Moni ankapatsana, koma unali moni wouma.

Chaka chimenecho m'nyumba ya Amwenye munali nkhawa imodzi. Amuna a Ba anali atamwalira ku India, ndipo kumeneko kunalibenso wowasamalira. Bambo Kiriti anawaitanitsa, koma chilolezo chawo chinali cha mlendo ndipo chinali pafupi kutha. Ankafunika kukaonekera ku ofesi ya boma ya za olowa ndi otuluka m'dziko, komweko ku Croydon, kukapempha kuti akhale ndi mwana wawo. Akakanidwa, ndiye kuti abwerera kukakhala okha m'nyumba yopanda munthu.

Mapepala awo ndinawaonapo tsiku lina atawayala pansi pabalaza. Bambo Kiriti ankati kwawo pepala lopanda chidindo si pepala, ndiye chilichonse anali nacho katatu, chodindidwa, chosainidwa, china chomatidwa kachithunzi. Vuto lalikulu linali lakuti Ba anali ndi maina awiri. Lina anabadwa nalo, lina anapatsidwa ndi apongozi awo pa tsiku la ukwati, monga mwa mwambo wa kwawo. Ndiye panafunika pepala lachitatu lolumbira kuti mtsikana wa pa pepala loyamba ndi mayi wa pa pepala lachiwiri ndi munthu mmodzi. Ndinafunsa Ba kuti dzina lawo lenileni ndi liti. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Onse awiri. Iwe umafunsa ngati polisi."

Tsiku lokaonekera ku ofesi linagwera m'nyengo ya chikondwerero chawo cha nyali, chija amati Diwali. Ine sindinkadziwa kanthu za chikondwererochi, chifukwa chinali chaka chathu choyamba pa nyumbapo. Madzulo a tsiku la chikondwererolo tinafika kuchokera kogula zinthu, kunja kutayamba kale mdima ngakhale inali faifi koloko, ndipo tinaima chilili pamwamba pa masitepe. Kakhonde konse kanali kojambulidwa ndi ufa wamitundumitundu. Pakati panali duwa lalikulu, lofiira, lachikasu ndi lobiriwira, m'mbali muli timizere toyera topotanapotana mpaka kudzagunda pakhomo pathu penipeni. Tinyali tadothi tinali kuyaka m'ngodya. Ndipo kuchokera pamasitepe panali timapazi ting'onoting'ono tofiira, tolunjika kuchitseko chawo. Eni ake kunalibe, anali atapita kukachisi.

Amayi anangoti "Yesu wanga," n'kudumpha mosamala. Analibe nthawi, ankapita kuntchito ya usiku kuchipatala. Masiku oterowo kunkabwera Anti Esinati a ku Barking, anzawo a kutchalitchi, kudzagona nane. Iwowo atafika analowa chobwerera m'mbuyo, maso ali pa ufa uja.

"Amake Tadala, mwaziona za pakhomozi? Amenewa ndi mankhwala, believe me. Mapepala awo avuta, inu anu a indefinite, okhalira m'dziko muno mpaka kalekale, atuluka mwezi watha. Timapazito tikulowera kuti? Akukoka mwayi wa m'nyumba muno!"

"Aaa, inunso a Esinati," anatero amayi akuvala jekete. Koma sanaseke.

"Zoterezi n'kusesa, n'kuwaza mchere. Basi. Kwathu ku Ntcheu timatero."

Iwo okha sanayerekeze kugwira tsache. Anapemphera pemphero lalitali, anamwa tiyi, nakagona. Ine amene ndinkafunsa chilichonse, tsiku limenelo ndinalibe womufunsa, ndipo mantha anandilowa. Chidindo cha m'pasipoti ya amayi ndinkadziwa mmene anachivutikira. Ndinkawaona akudzuka kusanache kukaima pamzere m'chisanu, n'kubwerako milomo itauma.

Kusesa kakhonde inali ntchito yanga ya m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Amayi ankati ngakhale ku London mwana wamkazi sadya phala pakhomo pali zinyalala. M'mawa mwake ndinatuluka ndi tsache Anti Esinati akuchita nkonono. Ndinaima kaye kuyang'ana duwa lija. Kunena zoona linali lokongola kuposa chilichonse chimene ndinaonapo, ndipo ndinagwada n'kukhudza ufa wachikasu ndi chala kuti ndimve mmene unalili. Unali wosalala, wozizira. Koma ndinaganiza za amayi akubwera otopa n'kupondapo. Ndinasesa. Mitundu yonse ija inasakanikirana n'kusanduka fumbi lotuwa ngati phulusa, ndipo ndinaliwolera mujumbo. Kenako ndinalowa m'khitchini, ndinathira mchere m'kambale, n'kubwerera kuti ndikamalize ntchito.

Ndisanawaze n'kamodzi komwe, chitseko chakumanja chinatseguka. Ndinabisa kambale kumbuyo.

Anatuluka ndi Ba, atavala sari yoyera yatsopano ndi juzi pamwamba. Kumbuyo kwawo kunali bambo Kiriti atakumbatira chikwama cha mapepala, akazi awo, ndi Mira. Ba anayang'ana pansi. Anayang'ana tsache lomwe linali chotsamira khoma, nsonga zake zili zofiira ndi zachikasu. Sanakalipe. Anangokhala pansi pa sitepe yoyamba, pang'onopang'ono, nanena mawu ochepa m'chiyankhulo chawo.

Mira anandiyandikira, maso ali ndi misozi, n'kundinong'oneza m'Chingerezi. Anati chojambulacho chimatchedwa rangoli, ndipo Ba anachijambula okha maola atatu atagwada, mawondo awo owawa aja. Timapazito tinali tolondolera mulungu wawo wamkazi wa mwayi kuti asasochere khomo. Anafikitsa mizere pakhomo pathu dala, kuti nafenso tidalitsike. Ndipo tsikulo linali loyamba la chaka chawo chatsopano.

"Akuti sapita," anatero Mira. "Akuti khomo lasesedwa, ulendo wafa."

Bambo Kiriti anagwada pambali pa amayi awo, akuwaonetsa wotchi, akuwaonetsa kalata ya ku ofesi. Ndinamva mawu akuti appointment kangapo. Ba ankangopukusa mutu. Manyazi amene ndinamva m'mawa umenewo sindinawamvenso mpaka lero. Ndinaona bwinobwino kuti gogo ameneyu akabwerera ku India kukafera yekha, chidzakhala chifukwa cha tsache langa.

Kenako Ba anadzutsa mutu. "Iwe mwana. Kumbuyo uli ndi chiyani?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinatulutsa kambale kaja.

"Mchere," ndinatero.

Ba anayang'ana mcherewo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine, kenako mcherewo. Amayi a Mira anagwira pakamwa. "Sabras," anatero Ba motsitsa, ndipo bambo Kiriti anayamba kuseka kuseka kwa munthu amene watsala pang'ono kulira. Anandifotokozera kuti sabras ndi dzina la mchere wa tsikulo, ndipo kuti kwawo, m'mawa wa chaka chatsopano dzuwa lisanatuluke, ana amayenda khomo ndi khomo atanyamula mchere. Chinthu choyamba kulowa m'nyumba chaka chimenecho chimayenera kukhala mchere, chifukwa ndi umene umakometsa zonse. Chibwerereni ku London, palibe mwana anagogodapo pakhomo pawo ndi mchere.

Ba anatapa pang'ono n'kumanga pa nsonga ya sari yawo. Wotsalawo anapatsa mpongozi wawo kuti alowe nawo m'nyumba. Anandiikira kandalama m'dzanja monga mwambo umafunira, anagwira phewa langa, nadzuka. "Tiyeni," anatero.

Nthawi yomweyo amayi anatulukira pamasitepe, ali m'yunifolomu, maso ofiira ndi tulo. Anaona tsache, anaona kambale, anaona nkhope yanga, ndipo panalibe chowafotokozera. Anandiponyera diso lija lotanthauza kuti tikambirana. Kenako anatembenukira kwa bambo Kiriti.

"Ma original mwawaika pamwamba? Ma copy pansi? Bweretsani kuno ndione. Ndipo agogowa atengereni flask, kumene kuja munthu umakhala."

Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsika nawo masitepe atagwira Ba pamkono, ndipo ndinawamva akunena okha kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anti Esinati anasuzumira pachitseko atafunda bulangete, nafunsa ngati zatheka. Madzulo ake, mbale ya zotsekemera itabwera kuchokera kwa Amwenye, ndi Anti Esinati amene anadya zambiri. Anati anazipempherera kaye.

Chilango changa chinali chogwada. Amayi anandigwaditsa pakakhonde pambali pa Ba kuti tijambulenso zomwe ndinasesa. Ba anandionetsa kutapa ufa ndi zala ziwiri n'kumautaya pang'onopang'ono ngati ukuthira mchere m'ndiwo. Mizere yawo inkatuluka yowongoka, yanga ngati njira ya nkhuku. Kalata ya boma inabwera patapita milungu ingapo. Ba analoledwa kukhala. Tsiku limenelo anagogoda kwathu n'kuuza amayi kuti, "Iwe, zikomo," ndipo amayi anayankha kuti "Zikomo, Ba," osakwinya nkhope.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapulumuka mwamwayi, kuti Ba sanadziwe chimene mchere uja unali. Ndinadzamva zoona ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nditapita kukawatsanzika popita ku yunivesite. Anali atafooka, akukhala pampando pafupi ndi hita tsiku lonse. Ndinaganiza zoulula. Ndisanafike n'pakati pomwe anandidula.

"Iwe mwana, ine ndakhala Limbe zaka khumi ndi ziwiri. Ukuganiza ine sindidziwa Amalawi amawaza mchere pakhomo chifukwa chiyani?"

Ndinafunsa kuti nanga bwanji anaulandira, podziwa kuti tinkawayesa amfiti.

"Ine ndinali ndi mantha ndi ofesi ija," anatero. "Usiku wonse osagona. Iwe unasesa, ine ndinapeza chifukwa chokhalira pansi. Iwe unabweretsa mchere, ine ndinapeza chifukwa chodzukira. Mchere ndi mchere. Za mumtima mwako zinali zako."

Ba anamwalira ndili chaka chachiwiri kusukuluko. Masiku ano zinthu zinasintha. Mapepala ambiri anthu amalemba pa foni, chikwama ngati cha bambo Kiriti sindichionanso, ndipo rangoli amagulitsa yomata kale, yongoyala pansi n'kudzainyamula mawa. M'nyumba yosanja imene ndikukhala pano muli zitseko zisanu ndi chimodzi pakhonde limodzi, koma sindidziwa dzina la munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo palibe amavulira nsapato panja kuti ndiziwerenge. Mwana wanga akaona chachilendo amafunsa foni, safunsa munthu.

Koma chaka chilichonse, m'mawa wa chaka chatsopano cha anzathuwa, ndimadzuka kusanache, ndimathira mchere m'kambale, n'kukwera tramu ndi mwana wanga kupita kwa Mira. Ndimamupatsa iyeyo kambaleko kuti agogode. Chaka chatha anandifunsa kuti mcherewo ndi wothamangitsa zoipa kapena woitana zabwino, chifukwa agogo ake amuuza zina, Anti Mira amuuza zina. Ndinamuuza kuti agwire ndi manja awiri, ndipo ayang'ane pansi asaponde timapazi.