Botolo la pa Zenera

Mayi a ku famase anapuma pa ntchito kalekale, koma maso awo sanapume. Akalowa m'nyumba ya munthu amayamba ayang'ana pa zenera, ndipo akaonapo mankhwala amawachotsa asanapereke n'komwe moni.

Chimene chimawawawa mtima kwambiri ndi vitamini C wamadzi. “Ameneyu ndi wamanyazi,” amatero. “Akakumana ndi dzuwa, mpweya kapena chitsulo amathawa, n'kukusiyirani madzi achikasu opanda ntchito.” N'chifukwa chake ali pa ntchito ankamuthira m'mabotolo akuda, n'kudzaza mpaka m'khosi kuti mpweya usowe pokhala.

Mwezi watha amuna awo anatuluka m'chipatala ndi bala la opaleshoni lochedwa kupola, ndipo adokotala anawalembera vitamini yemweyo. Tsiku lina mayiwo pochokera kumsika anapeza mankhwalawo atatsanuliridwa m'botolo la jamu. Linali pa zenera, losatseka, sipuni ili m'kati. Mankhwalawo anali atayamba kale kuoneka ngati tiyi.

“Bambo, mwatani apa?”

“Ndimafuna ndiziwaona, mayi. Akakhala m'kabati ndimaiwala kumwa.”

Mayiwo sanakalipe. Anakhuthulira zonse m'sinki, n'kuvalanso nsapato, ulendo ku famase dzuwa likuswa mtengo. Botolo latsopano analiika m'kabati momwemo, mumdima, kutsogolo kwa chitini cha shuga.

“Zaka zonsezi ndalimbana ndi dzuwa m'nyumba za eni, ndiye lidzandigonjetse m'nyumba mwanga? Ayi ndithu,” anatero. “Ndipo shuga, bambo, chikwatiranireni simunamuiwalepo.”