Maseva Awiri a ba Kombe

Chabwera ndi mwana wa ku Matero kuno, ngakhale bambo ake anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Ine ndakhala naye moyandikana kuyambira tili ana. Ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso, ndipo kufatsa kwakeko kumandikwiyitsa mpaka lero.

Ankasamalira makompyuta pa kampani ina ya boma. Makampani atayamba kugulitsidwa, anali m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti akapume. Anangonyamula kachikwama ka zida n'kuyamba kukonza makompyuta a anthu m'tauni. Mkazi wake Elesi, yemwe ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, anamwalira mu 2002, n'kumusiyira kamtsikana, Tinenenji.

Kwayayo inali itajambulitsapo nyimbo pa situdiyo ya ba Kombe, kuseri kwa msika, ndipo imodzi anaitsogolera Elesi. Kaseti ya kunyumba wina anaibwereka pamaliro pomwepo, osaibwezanso. Mawu a Elesi anangotsala m'kompyuta ya ba Kombe basi.

Situdiyo itakula, ba Kombe anagula maseva awiri, makompyuta akuluakulu ogwirapo kale ntchito, ndi bokosi limodzi la madisiki losungiramo nyimbo zonse. Anaitana Chabwera kuti adzalumikize. Iye anakonza kuti maseva onse awiri aziona bokosilo, koma imodzi yokha ndiyo izilembamo. Inayo izingodikira, kuti inzake ikafa itenge malo. Anasamutsira nyimbo zonse m'bokosimo, kompyuta yakale ija n'kugulitsidwa. Madzulo ake anauza Tinenenji kuti Loweruka amubweretsera nyimbo ya mayi ake pa CD.

Koma ba Kombe sagwirizana ndi chinthu chongokhala. Ngakhale tsache kwawo silipuma.

"Iwe mwaice," ba Kombe anamufunsa Chabwera, "iyi machine ina ichita chani? Inkhala chabe monga landlord?"

"Ilindila, ba Kombe. Zikalemba zonse pamodzi, vinthu vizaonongeka."

"Namvela. Nilangize chabe mwamene baiyatsila."

Ba Kombe ndi amene anapereka galimoto yonyamula maliro a Elesi, ndipo kwathu kuno munthu wotero sumukaniza kawiri. Chabwera anawaonetsa. Ndikanakhalapo ndikanamutsina.

Unali mwezi wa Disembala, makwaya ali pamzere kujambulitsa za Khirisimasi. Ba Kombe anati ntchito ifulumire, n'kuyatsa seva yachiwiri ija kuti nayonso izilemba. Iliyonse inkalemba pamwamba pa za inzake osadziwa. Pofika Lachisanu nyimbo zambiri zinkakana kutseguka. Ina inkayamba ndi aleluya n'kuthera m'malonda a matiresi.

Ba Kombe anakalipira makina, anakalipira magetsi, anakalipiranso amene anawagulitsa. Chabwera anazimitsa maseva onse awiri n'kuyamba kutola zotsala m'madisikimo, chidutswa ndi chidutswa, mpaka chaka chinatha ali pomwepo. Makwaya ambiri anawapulumutsira nyimbo zawo. Seva yodikira ija anaitsekera ndi mawu achinsinsi, ndipo sanawauze kwa wina aliyense, ngakhale wa imvi.

CD anabwera nayo ndithu. Ndinalipo tsikulo, chifukwa wailesi yoimba CD inali yanga. Tinenenji anakhala pansi, mawondo atawakumbatira. Tinamva anthu akukonza mipando, wina akutsokomola. Kenako Elesi, ngati ali nafe m'chipindamo:

"Imani, imani, nikalibe kukonzeka!"

Anaseka, kuseka kwake kuja koyambira m'mphuno. Kiyibodi inagunda kamodzi, kenako phokoso lokhalokha. Nyimbo yonse inali itapita, kunangotsala zimenezo.

Mtima unandiwawa moti ndinafuna kupita kwa ba Kombe nthawi yomweyo. Chabwera anangoyang'ana pansi.

"Pepa mwana wanga," anatero. "Ndiye vamene napeza."

Tinenenji sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa wailesi.

"Ba tate, bwezelani pamene baseka."

Chabwera anabwezera.