Kaseti Yomata ndi Kyutekisi

Lero ku keya homu, nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuno kutsidya kwa nyanja ku Dudley, kunali phwando lokumbukira zaka makumi asanu chitulukire chimbale cha gulu lina lakonkuno. Ndikuwapaka agogo ena kyutekisi m'zikhadabo, fungo lake linandibwezera kwathu.

Nyimbo zomwezi bambo anga anali nazo pa kaseti. Wailesi itaitafuna, anadula potafunikapo n'kulumikiza ndi kyutekisi wa mayi. Nyimbo ikafika pomatapo inkangoti zii, bambo n'kumaimba okha mawu osowawo m'Chingerezi chongopeka.

Chifuwa chitawafooketsa, anandiitana ali gone pamphasa. "Taika ija, mwanawe."

Ndinaika. Magitala analira mokoka, mabatire akutha. Pomata paja panafika, ine maso ali pakamwa pawo. Milomo inagwedera, koma m'nyumba munkangomveka kuzungulira kwa kaseti.