Madzi a m'botolo la aphunzitsi

Linali botolo loyera, lomangirira pamtengo wozika kuseri kwa sukulu ya mpingo kwathu ku Sinda, kukamwa kwake atakhazikako chitini chobowola pansi. Aphunzitsi ankayezera mvula m'menemo. M'mawa uliwonse ankavikamo kabango kodula mizere, n'kulemba m'kabuku kawo.

Munthu uja maso ake anali kumwamba basi. Ankatiuza kuti Nthanda ndi dziko ngati lathu lomweli, koma lofunda mitambo chaka chonse, moti palibe anaonapo nthaka yake. Ife tinkangotsinana, kubisa chiseko. Komatu za mphepo ndi mitambo zimene adzukulu amandifunsa lero ndinazimva kwa iwo omwewo.

Chaka chimenecho, nkhondo ya Jeremani itangotha, mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Masamba anapotana, fumbi likumveka m'mano. Aphunzitsi ankakweza botolo lawo, kuliyang'ana padzuwa, kulibwezera nkhope itagwa. Ndinawamvera chisoni. Ndiye pochokera kuchitsime chathu chodzala ndere m'mamawa ndinathiramo timadzi ndi chikho. Ndinatero masiku atatu. Nzeru zanga ndinkati ndikuwasangalatsa.

Tsiku lachitatu amayi ena opita kumunda anawaona madziwo. Dzuwa lisanafike pamutu, mudzi wonse unali pasukulu. Mawu anali amodzi: minda ikupsa koma botolo likumwa lokha, ndiye kuti ndilo likukoka mvula yathu. Aphunzitsi anangoti, "Iyi si mvula, abale anga." Atawafunsa kuti nanga madziwo achokera kuti, anangotseka kabuku kawo.

Ine ndinali pomwepo, nditagwira nsalu ya amayi. Pakamwa ndinali napo. Amalume anatenga mpini wa khasu n'kuliphwanya botolo, ine ndikuwerenga zala zanga zakuphazi. Ndisanamizire ubwana ayi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mawu anga akanawapulumutsa, koma ndinaopa chikoti cha amalume. Mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira ngati andivula pagulu.

Sabata yotsatira makolo analetsa ana kupita kusukulu. Akuluakulu a mpingo ataona kuti m'kalasi mwatsala mbuzi zokha, anawasamutsira aphunzitsi kutali, cha ku Vubwi. Sitinawaonenso. Mvula inadzagwa iwo atapita, anthu n'kumati, "Mwaona nanga?"

Koma tsiku lonyamukalo tinakumana panjira ya kuchitsime, ine nditasenza mtsuko, iwo mphasa ndi mabuku zili paphewa. Ndinapatuka kulowa mu udzu. Anaima n'kundiyang'ana kanthawi ndithu.

"Mwana wanga," anatero, "mvula sigwa ndi ndere." Basi anapitirira ulendo wawo.

Ndinafika kunyumba mtima uli m'malo, ndikuti sanadziwe kanthu. Ndinkayesa ndi phunziro linanso la zakumwamba, moti ndinaliloweza bwinobwino, kudikira tsiku limene adzabwere kudzatifunsa.