Majezi Ofiira a Ncheni

Ndinachoka ku Lungwena chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anayamba kutsika m'mapiri mitolo ili pamutu. Ganyu anavuta, aliyense ankalimbirana malo m'bwato, ndipo ine nyanja inkandisanzitsa. Msuweni wanga atatumiza mawu kuti ku Limbe akufuna wokanda ufa pa bekale, ndinalongeza. Amayi ndinawatsanzika maso ali gwa. Chinandiwawa n'kusiya Ncheni.

Ncheni inali timu yathu ya mpira, ya mu ligi ya m'boma, yomwe wailesi sinaitchulepo n'kamodzi komwe. Ine sindinkasewera chifukwa ndimatsimphina, koma ndinkalemba mizere ya bwalo ndi phulusa, n'kuchemerera mpaka mawu kusasa. Mwini timu anali Che Bwanali, amenenso anali ndi mabwato ndi ukonde waukulu wa chilimira. Osewera ambiri, kuphatikizapo mng'ono wanga Amidu, anali asodzi awo. Chaka chomwecho tinapeza goloboyi pakati pa othawa nkhondo, mnyamata wamtali dzina lake Joakimu. Chichewa chinkamuvuta, koma mpira ukabwera m'mwamba unkakhala wake. Ndinachoka ndili ndi chikhulupiriro kuti tikwera ligi.

Ku Limbe ndinapeza chisanu chomwe sindinachidziwepo, ndi kachipinda kogona anthu atatu. Lamlungu anzanga ankapita kukaonera matimu aakulu, ine ndinkatsala ndikuchapa. Nditawauza dzina la timu yanga, wina anafunsa ngati Ncheni ndi timu kapena ndiwo. Anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukamba nawo za mpira, ndipo munthu akasiya kukamba za mpira m'tauni, watsala yekha.

Nkhani za kumudzi ndinkazimva kwa Che Twaibu, dalaivala wa lole yobweretsa nsomba zouma pamsika. Ndinkayamba kufunsa za amayi, kenako zigoli. Yankho silinkasintha: anyamata asewera bwino, mwayi ndi umene wasowa. Tsiku lina anandiuza kuti anasewera osavala malaya chifukwa timu inalibe yunifomu. Manyazi anandigwira ngati wavula ndine.

Ndinayamba kugula matisheti ofiira pa kaunjika, imodzi imodzi pakutha pa mwezi. Tiyi ndinkamwa wopanda shuga. Ndalama yotumiza kwa amayi inachepa, iwo anazindikira koma sanadandaule. Telala wa pakhonde anadula manambala kuchokera ku matumba a ufa n'kuwasokerera kumsana. Ya Joakimu ndinasankha yachikasu, ya manja aatali. Patsiku lopereka katunduyo kwa Che Twaibu, ndinamanga chingwe kawiri. Uthenga unabwera woti majezi afika ndipo anyamata akuoneka bwino kwambiri.

Ndinabwerera dzinja lachitatu litatha, bekale itatsekedwa. Ndinafika Loweruka lomwe Ncheni inkayenera kukumana ndi timu ya ku Monkey Bay. Ndinangoponya chikwama pakhomo, kulonjera amayi, n'kuthamangira kubwalo.

Udzu unali wofika m'mawondo. Mtengo umodzi wa golo unali utawola, atachirikiza ndi nsungwi. Alendo anali akudumphadumpha kale, koma mbali yathu kunali osewera anayi okha, ovala zawozawo. Oyimbira mpira anadikira, kuyang'ana kunjira, kenako anaimba wezulo n'kupereka mapointi kwa alendo. Palibe anadabwa. Anthu anangonyamuka ngati pamsika patha.

Joakimu ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akugulitsa nzimbe. Chichewa anali atachidziwa tsopano. Anandiuza kuti panali utaka wambiri sabata imeneyo, ndiye pafupifupi timu yonse inali panyanja, ndipo si koyamba. Iyeyo anachotsedwa pagolo kalekale chifukwa anakana kukwera bwato. Che Bwanali analamula kuti wosakoka ukonde asasewere.

"Pothawa, mlongo wanga anamira tikuwoloka mtsinje," anatero. "Madzi akuya sindiwafuna. Ndinawauza, koma anati mpirawo ndikasewerere kwathu."

M'mawa mwake ndinatsikira kudooko. Ndinawaona ndili patali: anyamata ofiira okhaokha akuyanika utaka pathandala, manambala anga ali kumsana. Majezi anali atasuluka, odzaza mamba, ena ong'ambika m'khwapa. Che Bwanali anali atakhala pa bwato atavala yachikasu ija, mimba itakankha nsalu.

Sindinapereke moni. Ndinawauza kuti aphera timu m'manja, kuti athamangitsa goloboyi yemwe boma lonse linalibe, kuti ngati mpira awutopera aupereke kwa ena. Ndinalankhula mpaka amayi ogula nsomba anasiya kutsatsana mitengo. Che Bwanali anandisiya ndimalize, akutokosa m'mano.

"Mwanawe, utaka sudikira oyimbira mpira," anatero. "Anyamatawa ndimawadyetsa ndine. Iwe unatumiza nsalu basi."

Ndinatembenukira kwa anyamata kuti wina andithandize. Onse anaweramira nsomba. Amidu, atavala nambala seveni, sanadzutse n'komwe mutu.

Kunyumba ndinafunsa amayi chifukwa chake panalibe wondiuza zoona zaka zonsezi. Anali akupeta mpunga ndipo sanasiye. Anati mudzi wonse unkadziwa, ndi Che Twaibu yemwe, koma anagwirizana kuti munthu ali kutali asamamuswe mtima. Kenako anawonjezera motsitsa mawu:

"Ukanadziwa sukanatumiza majeziwo. Nanga m'bale wako akanavala chiyani pa mphepo yozizira ya mwera?"

Mkwiyo wanga sunathe, ndipo mpaka lero sunathe. Ndinkaganiza kuti mudzi wonse umaikonda Ncheni monga ine, kuti ikagonja tonse timagona osadya. Ayi ndithu. Kwa iwo inali ya masiku amene nyanja yakana. Amene tinkaiwerengera tinali awiri okha, wina ali ku Limbe, wina mlendo wogulitsa nzimbe, ndipo tonse awiri tinalibe mawu pa timu ya eni.

Ncheni inatsika ligi chaka chomwecho. Che Bwanali anauza anthu pamsika kuti timu inalodzedwa ndi alendo othawa nkhondo aja.