Eliyo ya Galimoto ya a Nyendwa

Mukafika ku Msanzala n'kufunsa kwa a Vitalis Nyendwa, anthu sakuuzani za nshawa zimene amalima, ngakhale amalima zambili. Amangoti, "Pitani pa nyumba ili ndi galimoto yokhala pa miyala." Galimotoyo inaleka kuyenda kalekale. Matayala anaphwa, nkhuku zinayesapo kuikila mazila kumbuyo, koma a Nyendwa amaipukuta m'mawa uliwonse ngati mailo ili ndi ulendo wa ku Lusaka. Pamwamba pake anaikapo kasola kodzaza batile, chifukwa m'galimotomo munatsala chamoyo chimodzi: wailesi, ndi eliyo yake yodzikweza yokha. Ukayatsa wailesi, kamota kamalila kumbuyo, ndodo yachitsulo n'kutuluka pang'onopang'ono mpaka kupitilila mutu wa munthu. Ukazimitsa, imabwelela m'dzenje lake.

Galimotoyo inagulidwa ndi penshoni ya akazi awo, amai Mbumwae. Amaiwa anafika kuno ali mtsikana, mphunzitsi wotumizidwa ndi boma kuchokela kwa Alozi, kumadzulo uko. Anakwatiwa, anaphunzila Chinyanja, anaphunzilanso Chinsenga mpaka kumakangana nacho bwinobwino pa chigayo. Nanga a Nyendwa? Aa, kuno wobwela ndiye amaphunzila, mwini mudzi savutika. Zaka zonsezo bambowa anatolapo "eni sha" basi, inde waulemu wa Chilozi, amene anawalowezetsa popita kukaonekela kwa apongozi.

Kenaka inabwela sitiloko. Amai anatuluka m'chipatala dzanja lamanja lili lende, ndipo Chinyanja ndi Chinsenga chonse zinatsala komweko. Ukawalankhula ankangokuyang'ana. Chakudya ankakankha. Tasila, mwana wawo wa ku Kitwe, amene nayenso Chilozi sachidziwa, anatumiza foni yodzaza nyimbo, koma amai sanafune n'kuigwila komwe. Kawailesi ka m'nyumba nako kankangoti waa, kosagwila kanthu.

Masana ena a Nyendwa anakhala m'galimoto kufunafuna nkhani, n'kugwela pa pulogalamu ya Chilozi. Asanapotoze, anaona akazi awo akubwela, akukoka mwendo. Amai anakhala pa mpando wakutsogolo, anamvetsela, anaseka, n'kuyamba kumuyankha muulutsi uja ngati mnansi. Tsiku limenelo anadya phala lonse. Kuyambila pamenepo moyo wa pa nyumbapo unakolekedwa pa ndodo ija: ikakwela amai amalankhula ndi kudya, ikapanda kukwela amatembenukila kukhoma.

Ndiye a Nyendwa ankaisamala, ine! Sondo iliyonse akabwela ku tchalitchi ankaipaka mafuta ophikila a saladi, monga amachitila ndi tcheni cha njinga, mpaka iwale. Mwezi wa mvula zoyamba, atayatsa wailesi, kamota kanalila, kanalila, n'kumveka "thyo!" Ndodo inatuluka kutalika ngati chala, n'kuima pomwepo. M'wailesi munangotsala phokoso. Anayesa kumangilila waya wa mpanda, anayesa sipoko ya njinga. Mawu ankabwela ngati a munthu ali pansi pa madzi, n'kuthawanso. Amai anasiyanso kudya.

Ku Petauke a Nyendwa anazungulila masitolo a zipangizo mpaka mapazi kutupa. "Mudala, zimenezo zinatha ndi makaseti," mnyamata wogulitsa wina anawaseka. "Gulani foni." Anafuna kumufotokozela, koma ungayambile pati? Anangovala chipewa n'kutuluka. Wina anawauza kuti ayese ku Nyimba, kwa Luckson wa zamagetsi, amene amasunga magalimoto ochita ngozi kuseli kwa azimai ogulitsa nthochi.

Luckson anawamvetsela mpaka kumaliza, n'kufunsa, "Munkaipaka chiyani, bambo?"

"Saladi. Sondo iliyonse, osaphonya."

Luckson anagwila pakamwa. "Ndiye n'zimenezo. Mafutawo amaitana fumbi, fumbi limalowa m'kati, ndodo imalimba. Kamota kakukankha, iyo ikukana, mpaka mchila woikweza unaduka."

A Nyendwa anakhala pansi pa tayala. Mtima unawawa kwambili, chifukwa chinthucho anachipha ndi manja awo, pochikonda.

Luckson anakafukula ndodo ina m'galimoto yophwanyika, n'kuwaonetsa mchila wake wa pulasitiki, wautali, wa mano mbali imodzi. Kupita ku Msanzala sakanatha, nchito inali itamuunjikila, koma anawalangiza. Amasule nati ya pamwamba, ayatse wailesi kuti kamota kalavule zakale, azisolole zonse. Kenaka alowetse mchila watsopano m'dzenje, mano atayang'ana monga anayang'anila akale. "Mukatelo wina azimitse wailesi, inu mutagwila ndodo. Kamota kadzaimeza kokha. Koma ndi nchito ya anthu awili, bambo. Muli naye wokuthandizani?"

"Alipo," anatelo a Nyendwa.

Anafika pamudzi m'mawa mwake, anthu onse ali kuminda kubzala. Kudikila madzulo sakanatha, chifukwa pulogalamu ya Chilozi inali ya masana omwewo, ndipo amai anali ataonda mpaka chitenje kumazungulila kawili. Anawatsogolela ku mpando wawo, anayatsa wailesi, anasolola ndodo yakale ndi chidutswa cha mchila chakuda bii ndi mafuta. Analowetsa watsopano mpaka unagunda.

"Amake Tasila, zimitsani wailesi!"

Amai ankangoyang'ana kutsogolo.

"Zimitsani, amai! Kabatani ako, potozani!"

Anasiya ndodo, anathamangila kutsogolo, anazimitsa okha. Pobwelela anapeza mchila wasololoka, ndodo ili m'matope, kamota kakuzungulila pachabe. Anaipukuta ndi malaya, anayambanso. Zomwezo. Anayesa kuichilikiza ndi mpini wa khasu, inagwanso. Eliyo ili kumbuyo, batani lili kutsogolo, munthu wa manja awili atani? Anagogoda pa galasi, anapotoza zala m'mwamba kuwaonetsa, anachondelela m'Chinsenga, ngakhale m'Chingelezi cha ku pulaimale. Mawu amodzi okhawo, "zimitsani," akanawadziwa m'Chilozi! Anakhala ndi mkaziyu moyo wonse, pa mphasa imodzi, osafunsako ngakhale tsiku limodzi. Anaima pamenepo atagwila ndodo, misozi ikutsika, mkulu wathunthu.

Wailesi inali ikungoti waa. Phokosolo liyenela kuti linawatopetsa amai, chifukwa anatambasula dzanja lamanzele, mwaukali ngati akuthamangitsa ntchentche, n'kupotoza batani. Kamota kanalila. Mchila unagwedezeka m'zala za a Nyendwa n'kuyamba kulowa, ndodo ikutsatila, mpaka yonse inamila. A Nyendwa anamanga nati, n'kukakhala pa mpando wa dalaivala. Atayatsa, ndodo inakwela bwinobwino, yowuma, yopanda saladi.

Chilozi chinadzaza m'galimoto. Amai anaweletsa mutu kumvetsela, milomo ikuyenda. A Nyendwa anatenga mbale ya phala imene anaisiya pa boneti, ndipo amai analandila sipuni yoyamba, yachiwili. Kenaka anachita chimene anali asanachitepo chiyambile matendawa. Anasiya wailesi, anatembenukila kwa amuna awo, anagwila dzanja lawo lamatope lija.

"Vitalis," anatelo momveka bwino. Ndipo analankhula, nthawi yaitali, mwapang'onopang'ono, maso ali pa iwo. Pena mawu ankatsika, pena ankanjenjemela. Pomaliza anakweza mawu monga amachitila munthu wofunsa, n'kudikila.

A Nyendwa anayang'ana pabwalo. Panalibe munthu, nkhuku zokhazokha. Kaya amafunsidwa ngati adya, kaya ngati adzawapelekeza kwawo asanafe, kaya ngati akuwakondabe, iwo sanamve ngakhale liwu limodzi.

"Eni sha," anatelo.

Amai anawayang'anitsitsa, akudikilabe zotsala. Zitapanda kubwela, anasiya dzanja lija pang'onopang'ono, n'kutembenukila kwa munthu wa m'wailesi.